Makalasi a theory ya gitala ku Kapata, ndemanga yanga patatha miyezi itatu

Ndapereka nyenyezi 4 pa 5. Gitala ndinagula kwa mnzanga wa ku Mchini ndipo chaka chonse ndimangomenya ma chord (mawu angapo olizidwa pamodzi) atatu amene msuweni wanga anandionetsa, G, C na D basi. Vuto limabwera kukwaya, amayi otsogolera akangoti tikweze pang'ono nyimboyi yatsika, ine zala zimauma pompo, anzanga ayimba ine ndangogwira gitala. Ndiye nditamva kuti kuli abambo ena amaphunzitsa theory kunyumba kwawo kuseli kwa msika wa Kapata ndinati ndikayese, Loweruka lililonse maola awiri.

Masabata awiri oyamba ndinatsala pang'ono kusiya, zoona. Anatiyika pa ma staff, mizere 5 ija yolembapo nyimbo, kujambula treble clef (chizindikiro cha kumayambiriro kwa mizereyo) mukope, gitala ili pakona osaikhudza olo pang'ono. Kwa munthu amene wabwera chifukwa cha gitala izi zikanadikira. Kabuku kawo nakonso ndi ka fotokope, kachizungu chokhachokha ndipo masamba ena inki inafufutika, apa ndi pomwe ndachotsa nyenyezi imodzi ija.

Koma sabata yachitatu eee. Anandipatsa gitala ati dinani waya wamkulu wapamwambayo pa fret 3 (ma fret ndi timipata ta pakhosi pa gitala), ameneyo ndi G, manje muziyenda pa waya womwewo, ma fret awiri, awiri, imodzi, awiri, awiri, awiri, imodzi. Ndinadina 3, 5, 7, 8, 10, 12, 14, 15 ndipo chimene chinatuluka ndi do re mi fa so la ti do, yomweyo imene takhala tiyimba kutchalitchi kuyambira tili ana! Ndinabwereza kanayi mtima ukugunda. Kenaka ati ma chord anu atatu aja ndi do, fa na so chabe, ena amati 1, 4, 5, mukasamutsa do zonse zimasamuka naye. Kukweza kuchoka pa G kupita pa A ndiye kuti A, D na E. Mu G, chord ya Em imene ndimaiopa ija ndi la, nambala 6, ndiyo imabweretsa kachisoni kaja munyimbo za pamaliro.

Chimene ndawakondera abambowa safulumira ndipo sakunyoza ukafunsa chinthu kawiri katatu. Ine zimandisokoneza kuti bwanji kuchoka pa E kupita pa F ndi fret imodzi chabe, B na C chimodzimodzi, pamene ena onse pali sharp pakati, ndiye kuti ma fret awiri. Sanalongolole zambiri, anatulutsa ka keyboard kakang'ono ka mabatire nkundionetsa malo awiri amene palibe kiyi yakuda pakati pa zoyera, zinalowa tsiku lomwelo. Anatiphunzitsanso kuchuna gitala ndi khutu, fret 5 pa waya uliwonse kupatula wa G umene umafuna fret 4, zimathandiza maningi foni ikazima chifukwa cha malaiti.

Za kuwerenga ma beat sanapitepo mozama, 4/4 (kuwerenga mpaka 4) tinachita bwino koma 6/8 (kuwerenga mpaka 6) anangoikhudza tsiku limodzi, chonsecho nyimbo zina za kwaya yathu zimayenda momwemo. Ndawapempha kuti tibwerezenso.

Mukafuna kupita nyamulani gitala yanu, iwo ali nazo ziwiri chabe ndipo tinalipo anthu 7, kudikirana kumadya nthawi. Nyamulaninso kope na pensulo.

Lamulungu lapitali amayi aja anati tiyimbe mu D, ndinawerenga chamumtima do fa so, D, G, A, nkulowa nawo limodzi pa mzere woyamba, iwo anacheuka kundiyang'ana akumwetulira. Ndalipira kale mwezi wachinayi, ati tiyamba ma barre chord (kudina mawaya angapo ndi chala chimodzi) na capo (kachipangizo kopanira mawaya), chord ya F ikali kundipweteka chala.