Kuyezetsa hepatitis B pa kachipatala kolipira ku Limbe: labu ndi yachangu, uphungu palibe

Malume anga anamwalira mimba itatupa, maso ali achikasu. Pamaliro anthu ankanong'onezana za kachasu, chonsecho munthuyo sankalawa mowa n'komwe. M'buku lawo la kuchipatala munalembedwa hepatitis B, matenda a chiwindi oyamba ndi kachilombo, ndipo adokotala anati tonse apabanja tikayezetse. Ine ndine wa 1989, pomwe katemera wa matendawa anayamba kuperekedwa kwa makanda kuno mu 2002, ndiye anandiphonya.

Ndinapita Loweruka m'mawa. Pa ukhondo ndi changu sindingawanene. Kobayira anatsegula ndikuona, anandibaya chala n'kudontheza magazi pa kapulasitiki konga koyezera malungo kaja. Pasanathe mphindi 30 zotsatira zinali zitatuluka. Mtengo wokha ndi woluma, moti wogulitsa tomato mumsika sangayerekeze.

Chomwe chinandiwawa ndi pakauntala. Mayi wolandira odwala anakuwa kuti, "Bambo a hepatitis aja, bwerani!" pabenchi pali anthu tho, wina timapemphera mpingo umodzi. Anangondipatsa kapepala kolembedwa "HBsAg negative" n'kuitana wotsatira. Ndinachita kubwerera ku labu kukafunsa tanthauzo lake. Mnyamata wa kumeneko, ataima pakhomo magolovesi ali m'manja, anandiuza kuti kachilomboka ndilibe koma mwina sindine wotetezedwa. Ndikufunika kubayitsa katatu: koyamba, pakatha mwezi, kenako pakatha miyezi 6 kuchokera pa koyambako. Katemerayo tsikulo analibe.

Ndili m'minibasi ndinkangoganiza za mmene timayezetsera HIV: kwaulere, m'kachipinda, aphungu n'kukhala nawe pansi. Komatu hepatitis B imayenda m'magazi, pogonana, ndiponso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana pobereka, ndipo tenofovir amene ali m'ma ARV ndi yemwenso amaletsa kachilomboka kuwononga chiwindi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likufuna kuti pofika 2030, anthu 90 mwa 100 alionse amene ali nako akhale akudziwa. Adziwa bwanji ngati munthu ayenera kuyamba waika maliro, kenako n'kupisa m'thumba? Akanandipeza nako, kodi akanandipatsanso kapepala pakauntala pomwe paja?

Amayi ndi azakhali ndipita nawo komweko mwezi ukatha, poti labuyo ndaikhulupirira. Koma ndikayamba ndapempha kuti atiitane ndi mayina athu, ndipo zotsatira akatiuzire m'chipinda.