Ka shopu ka mafulemu ku Rosettenville komwe ndinagula dzuwa la Monet

Mlendo aliyense wobwera kwathu mwezi uno akumafunsa zofanana, chithunzi chili pamwamba pa TV icho munachitenga kuti, ndi ku Senga Bay eti? Ndiye ndangoti ndilembe kamodzi za komwe ndinachigula, zabwino zake ndi zomwe zinandibowa, wofuna kupita apite akudziwa.

Ka shopu kake kali ku Rosettenville, kopanikizika pakati pa saluni ndi pogulitsa zida za mafoni, amakhoma mafulemu komanso kusindikiza zithunzi pa kanivasi. Ine ndinapita ndi setifiketi ya mwana kuti andiikire mu fulemu basi, zojambulajambulazi ndinalibe nazo ntchito ngakhale ndimadyera penti muno mu Joni, koma wa makoma kkkk. Ndili kudikira ndinaona chithunzi china atangochitsamiritsa pansi, ndawerama kuchiyang'ana ndikungoona timizere ta buluu ndi imvi tongokwapulakwapula ngati mmene ndimapukutira burashi pa katoni ndikaweruka, pakati kadontho kofiirira ngati lalanje. Ndinafunsa eni shopu, madala ena a imvi ovala magalasi pa chingwe, kuti madala kodi inki inakutherani pakati? Anangoseka nkuti iwe tuluka ukaime panja pa msewu ndiye uyang'anenso.

Abale ndinatuluka. Nditatembenuka pakhomo paja timizere tija tasanduka madzi, nkhungu ya m'mamawa, mabwato ali ndi anthu, dzuwa likungotuluka kumene ndipo kuwala kwake kukugwedera pamadzi. Ine wobadwira ku Salima mtima unangoti phaa, ndinaona asodzi akuchokera ku usipa. Kulowanso mkati, zonse zabalalika, zabwerera ku zikwapu zija. Ndinatuluka ndi kulowa katatu mpaka asisi a mu saluni anayamba kundiyang'ana ngati mutu sukuyenda.

Apa mpomwe ndikuwapatsa ulemu madalawa, samangogulitsa, amadziwa katundu wawo ndipo sanyinyirika kufotokoza olo ukuoneka kuti ulibe ndalama. Anati anajambula ndi Claude Monet wa ku France mu 1872, malo ake ndi doko la Le Havre, dzina la chithunzicho ndi Impression, soleil levant. Chitaonetsedwa ku Paris mu 1874 mtolankhani wina, Louis Leroy, anachinyoza kuti ndi ntchito yosamaliza nkuwatcha Monet ndi anzake ma impressionist mowaseka, dzinalo nkukakamira mpaka lero. Ndiye poti ndinafunsa za inki ndisachite manyazi, anthu ophunzira a ku Paris ananena zomwezo. China chimene chinandigwira ngati munthu wa penti nchakuti anyamatawa ankatha kukajambulira panja chifukwa penti wa mu timachubu anali atabwera, anatulukira mu 1841, ndiye umanyamula nkukakhala pagombe kuthamangitsana ndi kuwala kusanasinthe. Nchifukwa chake burashi yake ndi yothamanga choncho, palibe nthawi yosalaza.

Kenako anandionetsa matsenga. Anatenga foni yanga, kujambula chithunzicho, nkuchisintha kukhala cha black and white. Dzuwa lija linangotsala pang'ono kusoweratu! Akuti Monet analipaka mowala mofanana ndi mitambo yolizungulira, kusiyana kwake ndi mtundu wokha, ndiye diso limasokonezeka nkumaliona ngati likuthwanima. Ndinalipira dipoziti pompo, mtengo wonse pamodzi ndi fulemu unali R450, saizi yoyandikira chenichenicho poti nacho si chachikulu, masentimita 48 kwa 63.

Tsono zobowa. Anandiuza masiku atatu, ndinadikira sabata ndi theka, pa WhatsApp kuwerenga amawerenga koma kuyankha ayi. Tsiku lokatenga ndangochiona ndinadziwa kuti china chake chalakwika, dzuwa lija lili psuu ngati la pa paketi ya juwisi, madzi abuluu ngati swimming pool ya abwana ku Sandton. Kunapezeka kuti mnyamata wa pa kompyuta anawonjezera mitundu kuti chikongole, akuti makasitomala ambiri amakonda zowala. Ndinatulutsa foni nkuchita matsenga omwe aja pamaso pawo, dzuwa osasowa, lili tong'oo pakati ngati tochi. Madala anagwira pakamwa, sanatsutse, anasindikizanso ulere koma kunali kudikiranso sabata ina ndi ndalama ya takisi kawiri. Fulemu yokha ndiye ndilibe nayo mawu, makona ake ogwirana bwino osaoneka mpata, waya wakumbuyo wolimba.

Musagule chilichonse chomwe chili pakhoma pawo chifukwa choti dzina ndi lotchuka. Ali ndi cha Georges Seurat chija cha anthu opuma m'mbali mwa mtsinje Lamulungu, La Grande Jatte, chomwe anachijambula ndi timadontho tokhatokha kuyambira 1884 mpaka 1886. Chenicheni chili ku Chicago ndipo ndi chachikulu pafupifupi mamita 2 kwa 3, timadonthoto timasakanikirana m'diso mwako ukaima patali. Iwowa achipanikiza pa A4, madontho onse anafera mu makina, changokhala ngati kalendala yofwifwa. Starry Night ya Van Gogh nayonso imayenda malonda kwambiri, anaijambula mu 1889 ali m'chipatala cha odwala maganizo ku Saint-Rémy, koma munthu uja ankaunjika penti mochindikala, mizere ya burashi imachita kutumphuka, pomwe apa ukapitsa chala ndi fulati ngati nsalu ya tebulo. Ine ndimadziwa kusiyana kwa khoma la koti imodzi ndi la makoti atatu, sindingapereke ndalama pa zimenezo. Cha Monet chinapulumuka chifukwa mphamvu yake ili mu mitundu osati mu kuchindikala.

Madala anandikumbutsanso kuti zenizeni zina zili konkuno, Johannesburg Art Gallery ya ku Joubert Park, nyumba yomwe inatsegulidwa mu 1915, pa katundu wake pali Monet ndi Pissarro. Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsa pamenepo kuthamangira takisi ku Noord osadziwa kanthu.

Kunyumba nako nkhani inavuta. Mayi a ana atachiona ali pafupi anati bambo, R450 mwagula chithunzi chosatha? Ndinawakokera ku khitchini kuti ayang'anire kumeneko, anakhala chete kaye kenako akuti chabwino koma nkhunguyo ikundikumbutsa Dedza mu June, nyanja sindikuiona. Alamu anga omwe anagwirapo ntchito ku Durban sanaone ngakhale bwato, iwo maso anathamangira kumbuyo kuja, akuti awo ndi makireni ndi utsi wa pa doko, ndipo akunena zoona, zilipo, ine sabata yonse sindinazione chifukwa mutu unali ku Salima. Mwana wathu wamng'ono amangoti mpira wagwera m'madzi.

Ngati mukupita, pitani pakati pa sabata m'mawa madala alipo okha, Loweruka kumadzaza ndi a zithunzi za ukwati ndipo mkati muja anthu atatu simungapatukane. Tengani kashi, makina a khadi amakonda kuvuta. Muwauziretu kuti mitundu asaikhudze, ndipo musanamalize kulipira muchiimike pakhomo, mutuluke mpaka pa msewu paja mukachionere pamenepo. Ndipo muyeze kaye chipinda chanu, ife tinachita kusuntha sofa mpaka kukhoma la kuseri kuti dzuwa lizituluka bwino.