Mwambo wa Last Post wa ku Canberra: kodi ngoyenera kuthera bandulo?

Aphunzitsi anzanga a History, makamaka a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, mukafika pa mutu wa nkhondo yoyamba ya padziko lonse yesani kuonetsa ana mwambo wa Last Post. Ndi mwambo wokumbukira asilikali a ku Australia omwe anafera ku nkhondo. Amachita ndi a Australian War Memorial, malo achikumbutso cha nkhondo ku Canberra, likulu la Australia, ndipo amauulutsa pa YouTube ndi pa Facebook. Kuonera nkwaulere, chanu ndi bandulo basi.

Unayamba mu 2013 ndipo umachitika madzulo alionse kupatula pa Khirisimasi. Iwo ali patsogolo pathu ndi maola 8, nyengo ina 9, choncho kuno umatipeza m'mawa, nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi. Amayamba ndi nyimbo ya fuko, achibale amaika nkhata za maluwa m'mbali mwa dziwe la pamalopo, kenako wina amawerenga mbiri ya msilikali mmodzi. Mmodzi yekha: kwawo, makolo ake, ntchito yomwe ankagwira, kumene anafera. Chithunzi chake chimakhala pompo. Pomaliza lipenga limalira, anthu nkubalalika.

Chandikoka ine nchakuti sathamanga. Pakhoma lawo la mkuwa pali mayina oposa 103,000 a omwe anafera ku nkhondo, olembedwa popanda maudindo, kaputeni ndi msilikali wamba pamzere umodzi. Pa dzina limodzi patsiku, adzamaliza patatha zaka pafupifupi 300. Iwo akudziwa, koma sasintha.

Pa webusaiti yawo palinso posakira mayina, ndipo ndi pomwe ana anga a Fomu 3 anakumana ndi James Martin. Mnyamatayu anabadwa mu 1901, ndipo polembetsa usilikali mu 1915 ananama kuti ali ndi zaka 18. Anamutumiza ku Gallipoli, m'dziko la Turkey. Sichipolopolo chomwe chinamupha ayi, koma taifodi ya m'maenje omwe ankabisalamo. Anamwalira pa 25 October 1915 m'sitima ya odwala, ali ndi zaka 14 ndi miyezi 9, ndipo mtembo wake anauponya m'nyanja. Manda alibe, dzina lake lili pa chipilala cha Lone Pine ku Gallipoli komweko. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene sayankhula kawirikawiri, anangoti, "Sala, ndiye kuti anali wamng'ono kwa ine?" Anali wamng'onodi.

Zovuta zilipo. Chizungu cha ku Australia chimameza mawu, moti ana ambiri amangogwira dzina ndi chaka. Ine ndimaonera ndekha kaye, nkulemba mfundo pa bolodi, kenako nkumaimitsa vidiyo pofotokozera. Kuonera pomwe mwambo ukuchitika musalimbane nako, netiweki ya kwathu kuno imadukiza mvula ikangoopseza. Bola kupeza mavidiyo akale mukapita pa Boma kapena pa Luchenza, muchepetse kwalite ya vidiyo kuti bandulo isathe msanga. Pa foni imodzi ndi kalasi yodzaza, kasipika nkofunika, apo ayi lipenga limveka kwa a kutsogolo okha.

Komanso musayembekezere kumva chifukwa chake anyamatawa anatumizidwa kukafera kutali chonchi. Ndi mwambo wamaliro, si phunziro la ndale. Funso limenelo ndi lanu mphunzitsi, ndipo ine ndimaliyankha ndi kalata ya John Chilembwe ya mu 1914 yodandaula kuti anthu akuda akukhetsa magazi pa nkhondo yosawakhudza.

Apa mpomwe zimandiwawa. Asilikali athu a King's African Rifles ali ndi chipilala ku Zomba, inde. Nanga amtengatenga, omwe anasenza katundu wa nkhondo yomweyo kulowera ku Karonga mpaka ku Tanganyika, ambiri nkufera m'njira ndi njala ndi matenda? Mwana wa ku Thekerani angathe kupeza chithunzi cha James Martin pa foni, koma dzina la agogo a agogo ake omwe sanabwerere sangalipeze. Ndawapatsa anawa ntchito yoti akafunse akuluakulu kumudzi tchuthi chino, alembe dzina lililonse lomwe angamve, ndi mudzi wake.