GAAC yandipepuza, koma zitenje ndikuchapabe ndekha

Ine ndili pa ma ARV, komanso ndine amene ndimayang'anira amayi chiwagwireni sitiroko, mbali yakumanja yonse inafa. Alongo anga ali ku Tete mtauni, amatumiza kenakake pa M-Pesa akakumbuka, koma kuwatembenuza usiku, kuwasambitsa, kuwadyetsa phala ndi supuni, zonsezo ndi ine. Ndiye kale tsiku lokatenga mankhwala anga ku Ulongwe linali mutu weniweni, kudzuka kusanache ndi kuzizira kwa ku Angonia kuno, kudikira chapa (minibasi), kukakhala pamzere mpaka masana uku mtima uli kunyumba kuti kaya agwa pamphasa kaya adzinyowetsera.

Anesi ndi amene anandiuza za GAAC. Kwa amene simukuidziwa, ndi kagulu ka anthu osapitirira 6 oyandikana nyumba amene thupi lili bwino pa mankhwala, mmodzi amapita kukatengera onse ndipo mumasinthana. Zinayambira kwathu konkuno ku Tete mu 2008 ndi a MSF (bungwe la madokotala opanda malire), kenako boma linazifalitsa dziko lonse. Tisanatume munthu timakumana kuwerenga mapilisi otsala, amatenga makadi athu, basi.

Chimene sindinayembekezere ndi ichi, ikakwana nthawi yanga yopita, mayi wina wa mgulu lathu amabwera kudzakhala ndi amayi. Palibe anamulamula. Tsiku loyamba ndinapeza wawapesa tsitsi, wawakhazika padzuwa pakhonde akuseka ndi kukamwa kopotoka kuja, ndinalowa mnyumba kukalira kaye.

Zovuta zilipo, ndisaname. Mwezi wina amene anapita anachedwa kubwera masiku awiri, akuti anakagulitsa kaye kachewere wake, ine mapilisi atatsala amodzi okha, tinakangana ndithu. Komanso pamudzi anthu amaona kuti awa amakumana chifukwa chani, ngati simunakonzeke kuti anthu adziwe ganizani kaye. Ndipo gululi ndi la mankhwala a ife eni ake, si la wodwala amene ukumusamalira. Sopo, mapampasi a akuluakulu, mafuta opaka pa zilonda za pamsana, zimenezo ndi thumba lako. Mapampasiwo ndinawasiya, mtengo wake ayi, ndimayala pulasitiki ndi zitenje zakale.

Pa nyenyezi 5 ndikupereka 4. Amayi mukuwamva akuitana, ndikawatembenuze.