Psoriasis: Vaselini kapena mafuta a steroid?

Psoriasis si chipere, si khate, ndipo sapatsirana. Khungu limangokula mofulumira kwambiri, n'kuunjikana ngati mamba otuwa m'zigongono, m'maondo ndi m'mutu. Ambiri amayambira pa mafuta awiriwa.

Vaselini amafewetsa mambawo, kuyabwa ndi ming'alu n'kuchepa. Mafuta a steroid, monga betamethasone, amaziziritsa kutupa kumene kumabweretsa zigambazo.

Mtengo: Vaselini ali m'golosale iliyonse, botolo limakhalitsa. Kachubu ka steroid n'kakang'ono, sikachedwa kutha.

Zotsatira: Vaselini sachotsa zigamba. Steroid amaziphwetsa m'masabata ochepa, koma zimatha kubwerera mukasiya mwadzidzidzi.

Kadzoledwe: Vaselini mumadzola thupi lonse tsiku lililonse, makamaka mukangotuluka kubafa khungu likadali lonyowa. Steroid ndi wa pachigamba pokha, pang'ono, kwa nthawi imene adokotala anena.

Apa ndiye pamandidetsa nkhawa. Steroid wamphamvu akadzoledwa miyezi yambirimbiri, khungu limapyapyala, limayera mawangamawanga, mizere ngati ya mimba imatuluka, makamaka kumaso ndi m'mphechepeche. Timachubu tina toyeretsa khungu togulitsidwa pamsika tili ndi clobetasol, steroid wamphamvu kwambiri. Chonde musatigule.

Vaselini ndi wa aliyense wodwala psoriasis, ngakhale masiku amene khungu lili phee. Steroid ndi wa amene zigamba zawavuta, ndipo adaonedwa kale kuchipatala. Ngati zafalikira thupi lonse kapena mfundo za mafupa zayamba kuwawa, pemphani akutumizeni kwa madokotala a khungu ku Queens kapena ku Kamuzu Central.