Die yofinya khosi lokha ya Lee pa .303 yakale

Aliyense wodzaza yekha zipolopolo za .303 British amalidziwa vuto la zigoba (timabotolo ta mkuwa tokhalamo onga) kuduka. Wawombera, wakoka bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo m'mfuti), chotuluka ndi tako la chigoba lokha, thupi lonse latsalira m'kati. Tsiku lathera pomwepo. Vuto limeneli ndi limene linandiguzitsa collet die (kachipangizo kofinyira chigoba chowomberedwa kale kuti chidzazidwenso) ya Lee Precision, kampani ya ku Hartford m'chigawo cha Wisconsin, m'sitolo ina ya mfuti kuno ku Harare.

Mfuti yanga ndi Lee-Enfield No. 4 Mk I, mtundu umene unalowa m'manja mwa asilikali mu 1941. Ndimaikonda chifukwa asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ananyamula mfuti za banja lomweli ku Burma mu 1944, ndipo malemu bambo, mwana wa ku Zomba, nkhani za anthu amenewo sankazitopa nazo. Koma chikondi sichisintha mapangidwe ake. Chipinda cholowamo chipolopolo anachipanga chotakasuka dala, kuti ngakhale chipolopolo chamatope chilowe pankhondo. Chigoba chimaima ndi mkombero wa kutako, osati phewa, ndipo mano otsekera bolt ali kumbuyo, choncho bolt imafwamphuka pang'ono powombera. Chigoba chimafufuma, phewa n'kusunthira kutsogolo. Mukachilowetsa mu die wamba yofinya thupi lonse, phewa limabwerera m'mbuyo. Muwomberenso, litambasukanso. Mkuwa umapyapyala pamwamba pang'ono pa tako mpaka kuduka.

Die iyi thupi siilikhudza. M'kati mwake muli kachitsulo kogawika zala zinayi, kamene kamafinyira khosi la chigoba pa kamtengo kachitsulo kapakati. Phewa limakhala pamene mfuti inalisiya, ndiye chigoba chimabwerera m'chipinda chitakwana bwino. Mafuta safunika, ndipo kwa ine amene ndimagwirira pa kathebulo ka kuseri kwa nyumba ku Mufakose, kusapukuta zigoba chimodzichimodzi ndi mpumulo weniweni. Dieyi imalowa mu pulesi (makina okankhira chigoba mu die) iliyonse ya mazinga a 7/8-14.

Imafuna kuiphunzira dzanja. Mukakankha mofewa, khosi siligwira, mutu wa chipolopolo umatsetsereka ndi chala chokha. Mukakankha ngati mwakwiya, kachivindikiro ka aluminiyamu ka pamwamba kamavuka mazinga, ndipo anakapanga choncho kuti kawonongeke ikoyo m'malo mwa die yonse. Ine ndimafinya, n'kutembenuza chigoba pang'ono, n'kufinyanso. Pakhosi pamatsala timizere tinayi tosaoneka bwino. Ena timawanyansa, ine ayi.

Nanga pa chandamale? Pa mamita 100, zipolopolo zimene kale zinkamwazika malo aakulu ngati mbale ya nsima tsopano zikugwera malo oti n'kuphimba ndi chikhatho. Koma ndiname ndikati zonsezi ndi die. Theka lake ndi mutu wa chipolopolo. Mipope ya mfuti zimenezi sifanana m'mimba mwake, ina .311 ya inchi, ina .313 kapena kupitirira, ndipo yambiri inadyeka poyambira mpope ndi cordite, onga wotentha kwambiri wa nthawi imeneyo. Mpope wotere sugwirizana ndi mitu yosongoka kumbuyo. Yanga inakana Sierra MatchKing ya 174 grain (muyezo wa kulemera kwake), mutu wosongoka kumbuyo wabwino kwambiri m'mipope yatsopano, koma inalandira Hornady ya .312 yosalala kutako. Sizodabwitsa: chipolopolo cha usilikali cha Mk VII cha 1910 chinali cha 174 grain, tako losalala, chothamanga pafupifupi mafiti 2,440 pa sekondi, ndipo zoyang'anira za mfutiyi anazilemba motsatira chimenecho. Amene amathamangitsa chipolopolo kuposa apo akungotopetsa nkhalamba.

Onga ndimagwiritsa wa Somchem S335 ukapezeka. Muyezo wake sindilemba pano, ndipo wina akakuuzani pa WhatsApp musaumvere. Tsegulani buku la opanga ongawo, yambirani pansi. Mapepala anu a ku polisi, a mfuti ndi a zonse mukusunga, akhalenso olongosoka musanagule kanthu.

Pali zimene die iyi singachite. Chigoba chowomberedwa m'mfuti ina mwina sichingalowe m'mfuti yanu, ndiye amene muli ndi ma .303 awiri lembani mabokosi. Zigoba zikabwerezedwa kangapo bolt imayamba kulimba potseka, ndipo pamenepo die yofinya thupi lonse imafunikabe, choncho musaigulitse. Zigoba zakale za usilikali zambiri n'za primer (kabatani ka kutako koyatsa onga) ya Berdan, ya timabowo tiwiri, ndipo kasingano kochotsera primer kadzathyoka mukayesa. Unikani m'kati ndi tochi kaye. Zigoba za makampani a Prvi Partizan ndi PMP zosakira nyama zandiyendera bwino. Kuduka kwachepa kwambiri koma sikunathe, moti ndimalowetsabe kawaya kopinda nsonga m'chigoba chilichonse. Kakakodwa pa kamzere pafupi ndi tako, chigobacho ndimachiphwanya ndi pulayazi n'kutaya.

Kwa munthu wa Lee-Enfield imodzi, m'tauni muno mmene zigoba zatsopano zimasowa ndiponso zimagulidwa ndi madola a ku America, ndalama yake imabwerera msanga. Amene mumawombera bokosi limodzi pachaka pokasaka ngulube kumunda, isiyeni, gulani zipolopolo zodzazidwa kale.