Ulendo wa ku Dzalanyama ndi ana awiri komanso agogo awo: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Anzanga a kuntchito anandipempha kuti ndikabwerako ndidzalembe mmene zinayendera, chifukwa ambiri amalakalaka kupita ndi ana kunkhalango koma amaopa. Ife tinapita Loweruka lina mu Disembala, ana atangotsekera sukulu. Tinalipo asanu: ine, bambo a kunyumba, mnyamata wathu wa zaka 11, mtsikana wa zaka 6, ndi apongozi anga omwe adutsa zaka 60 ndipo bondo limawavuta kukazizira. Ulendowu tinalipira kwa kagulu kena ka achinyamata a mu Lilongwe momwe muno amene amaperekeza anthu kumapiri. Pa ndalama imene tinapereka panali galimoto, wotitsogolera, chakudya chamasana ndi madzi akumwa. Ana analipira theka.

Ndiyambe ndi chimene chinandipweteka mtima. Tinagwirizana kuti atitenga 6 koloko m'mawa, koma galimoto inafika 7 itadutsa kale, osaimba ndi foni yomwe. Ana ndinawadzutsa kukadali mdima, ndipo pofika nthawiyo anali atayamba kale kudya kamba amene ndinawakonzera kuti akadye kunkhalango. Adalaivala anapepesa kuti anachedwa pamzere wa mafuta. Za mafutazo tonse tikuzidziwa, koma uthenga umodzi pafoni ukanakwanira.

Tinadzera ku Chinsapo ndi Likuni. Phula likatha, msewu wake ndi wadothi, ndipo poti mvula inali itagwa dzulo lake, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 unatitengera maola awiri ndi kuposerapo. Musayese kupita ndi kagalimoto kotsika m'nyengo ya dzinja. Njira yonseyo tinkakumana ndi njinga zolowera m'tauni, iliyonse itasenza matumba a makala atatu kapena anayi, eniake akukankha pamtunda thukuta lili kamukamu. Mwana wanga anayamba kuziwerenga mpaka anatopa. Ine ndinangoti chete, chifukwa magetsi akazima nanenso ndimakoleza mbaula.

Chimene chandichititsa kulemba ndemangayi ndi mnyamata amene anatitsogolera. Kwawo ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalangoyo. Titangotsika, ananjuta pamaso pa mtsikana wanga n'kumuuza kuti, "Iwe ndiye uzitsogola, ine ndizibwera pambuyo pako." Kenako anatola nthambi youma, anaisadza bwinobwino n'kuipereka ndi manja awiri: "Agogo, gwirani ndodoyi. Tiziyenda pang'onopang'ono, nkhalango sithawa." Ndipo anachitadi zimenezo tsiku lonse. Liwiro la ulendo linali la mwana wamng'ono ndi la agogo, ndipo sindinamumvepo akuti tifulumire. Ndinapitako kumapiri ena ndi magulu amene otsogolera ake amangothamanga ngati akupikisana, iwe n'kumatsalira wekha m'mbuyo ukupuma wefuwefu. Uyu ayi.

Kwa amene simunafikeko, nkhalango ya Dzalanyama si yowirira yamdima ngati ija ya pamwamba pa phiri la Ntchisi. Ndi ya mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku, yotalikirana bwino, dzuwa limalowa ndipo mwana akathamangira kutsogolo umamuonabe. Kwa mayi, zimenezi zimakhazika mtima pansi. M'nthambi zina mumalendewera ndere zotuwa ngati ndevu za nkhalamba, ndipo mtsikana wanga ankafuna azigwire zonse. Wotitsogolerayo anatiimitsa kuti timvetsere gogomole akugogoda mtengo chapatali. Anati alendo ambiri ochokera kunja amabwera kudzaona mbalame basi.

Nthawi yaitali tinathera pamitengo ya masuku. Anali atapsa, ali mbwee pansi. Ana anga masuku amawadziwira m'mabeseni a kumsika, ndiye kuwaona akutola okha, kuwatofya ndi chala kuti aone ofewa, kuwang'amba n'kumayamwa madzi akuyenderera m'zigongono, ndalama yanga ndinaona kuti yabwerera. Apongozi anaona bowa wa manyame pansi pa masamba ofota ndipo anayamba kukambirana ndi mnyamatayo za mitundu ya bowa ngati anthu odziwana kalekale. Koma iye anawauzitsa anawo kuti asadzazule bowa aliyense popanda wamkulu woudziwa, chifukwa wina amapha. Ndinakondwera kuti zimenezi anazinena mosaseka.

Tinakapuma pakamtsinje koyenda pamiyala, madzi ake oyera ndi ozizira kwambiri. Ana anavula nsapato n'kulowetsa mapazi. Pamenepo mnyamatayo anafunsa mwana wanga wamkulu kuti, "Kodi madzi a pampopi panu amachokera kuti?" Iye anayankha kuti ku Water Board. Ndiye anamufotokozera kuti mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri omwewa, n'kukadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kumene Lilongwe Water Board imadalira kuti mzinda umwe madzi. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922, ndi yaikulu mahekitala oposa 98,000 ndipo imafika mpaka kumalire ndi Mozambique. Anafukula masamba ovunda ndi dzanja kutionetsa mmene dothi la pansi pake linalili lonyowa ndi lofewa. Anati masamba ndi mizu zimagwira madzi a mvula kuti alowe pansi, n'kumatuluka pang'onopang'ono m'timitsinje mpaka m'chilimwe. Mitengo ikatha, madzi amangokokolola dothi n'kukalitaya m'damu. Titayenda pang'ono tinapeza zitsa ndi dothi lakuda pamene panali ng'anjo ya makala. Sanatilambalalitse kuti tisaone. Anatikumbutsa kuti vutoli linakula mpaka boma linatumizako asilikali kukalondera, koma ananenanso mwaulemu kuti ambiri owotcha makalawo ndi anthu osauka amene akusaka chakudya cha ana awo, ndipo ogula ndife a m'tauni.

Tsopano za kukwera. Pa chithunzi chimene anatitumizira pa WhatsApp analemba kuti njira yonse ndi yosavuta. Si zoona. Gawo lomaliza, la mphindi ngati 20, ndi lotsetsereka ndipo miyala yake inali yoterera ndi mvula. Apongozi sakanatha, moti bambo a kunyumba anatsala nawo pamthunzi, iwowo n'kuphonya malo okongola kwambiri pa ulendo wonse. Pakanakhala otsogolera awiri sizikanatero. Mtsikana wanga anakwera yekha theka, kwinako mnyamatayo anamunyamula paphewa. Pamwambapo mitengo imafupika mpaka kutha, kumatsala udzu, tizitsamba tolekeza m'mawondo ndi matanthwe, kamphepo kakuwomba mosalekeza. Ukayang'ana uku umaona nkhalango yokhayokha ikukwera ndi kutsika ndi mapiri, ukatembenuka umaona minda ndi midzi ya kuchigwa.

Titatsika tinapeza apongozi akudikira ndi funso. Anafuna kudziwa ngati Kaphirintiwa ali pafupi. Mnyamatayo anati ali m'mapiri a Dzalanyama omwewa koma osati panjira yathuyi, ndipo si malo ongopitako ngati kokacheza. Basi agogo anayamba kusimbira adzukulu awo mmene makolo a Achewa amanenera, kuti pamenepo ndi pamene Chauta anatsitsira mwamuna ndi mkazi oyamba pamodzi ndi nyama, mvula ikugwa, ndipo mapazi awo anadinda pathanthwe lidakali lofewa. Ana anamvetsera kukamwa kuli yasa. Kunyumba nkhani imeneyi anali asanawauzepo.

Chakudya chinali mpunga ndi nkhuku, chozizira koma chokoma ndi chokwanira. Madzi ndiwo anatimana: kabotolo kamodzi munthu aliyense tsiku lonse. Mwamwayi ndinanyamula chigubu changa. Chimbudzi kulibe mukangolowa m'nkhalango, ndipo akanayenera kutiuziratu, makamaka ife oyenda ndi achikulire. Kabokosi ka mankhwala anali nako, moti mwana wanga atadzisupula bondo anamutsuka ndi kumumata pulasitala pompo. Zinyalala zonse anatolera m'thumba n'kubwerera nazo, ngakhale za anthu ena zimene tinazipeza m'njira.

Mukamapita, ana avale nsapato zotseka ndi mathalauza aatali, chifukwa m'dzinja linthumbu limadutsa m'njira ndipo likakwera mwendo mwana amalira. Netiweki imavuta, choncho auzenitu a kunyumba kuti simupezeka. Ngati mukuopa matope, dikirani mvula ithe, mupite pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kungoti masuku simukawapeza.

Ndawapatsa nyenyezi zinayi. Yachisanuyo ndawamana chifukwa cha kuchedwa, madzi ochepa ndi mawu aja akuti njira yosavuta, ndipo zonsezi ndinawauza pamaso tisanasiyane. Tikufuna kudzapitanso mu Sepitembala, nthawi imene mitengo ya tsamba imaphuka masamba ofiira, ndipo ndawapempha kuti adzatipatse mnyamata yemweyo. Apongozi akuti nawonso adzapita, adzakatidikirira pakamtsinje paja. Ndodo ija anabwera nayo, ili kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo.